Nsalu ndi mabandeji ofunika m'bokosi la thandizo loyamba

M'bokosi la thandizo loyamba mumafunika nsalu za mitundu iwili: yoika pacilonda penipeni ndi yomangila pamwamba pake. Mabanja ambili amagula bandeji cabe, pamene nchito ya bandeji ndi kugwila ndi kupanikiza nsalu imene yaphimba cilonda.

Nsalu yoika pacilonda imachedwa gauze. Yabwino ndi imene inamatidwa iliyonse m'kapepala kake, cifukwa imakhala yopanda tuzilombo kufikila itatsegulidwa. Ya masentimita 10 m'litali ndi m'lifupi imakwanila zilonda zambili, ndipo ndi nzelu kukhala nazo zoculuka. Munthu akatemeka ndi cikwanje kapena akavulala pangozi ya pamseu, magazi amaleka mwa kupanikiza mwamphamvu pacilondapo. Nsalu yoyamba ikanyowa, ina imaikidwa pamwamba pake popanda kucotsa ya pansi, kuopa kusokoneza magazi amene ayamba kuundana. Thonje siliyenela kugunda cilonda, pakuti ulusi wake umatsalila m'mnofu.

Zilonda za moto, zimene zimagwela ana ambili pa mbaula m'miyezi yozizila ya June ndi July, zimafuna cisamalilo cosiyana. Malo opsa amathilidwa madzi ozizila kwa mphindi 20, kenaka amaphimbidwa ndi nsalu yosamatilila kapena pulasitiki yoyela yokulungila cakudya, mosamanga zolimba. Gauze wamba amakakamila pakhungu lopsa ndipo amapweteka koopsa pomucotsa. Mankhwala otsukila mano, mazila ndi mafuta ophikila, ngakhale kuti ambili amazikhulupilila, sizipoletsa cilonda ca moto.

Pa zomangila, bandeji ya crepe, imene imatanuka, imathandiza pa bondo kapena kakolo wobinya. Ya masentimita 5 m'lifupi imayenela dzanja, pamene ya 10 imayenela mwendo. Ngozi yake ndi kumanga kothina. Womanga ayenela kusiya zala poyela ndi kufinya cikhadabo: ngati kufiila kwake sikubwelela m'masekondi awili, kapena zala zazizila ndi kucita dzanzi, bandeji imasulidwe ndi kumangidwanso.

Bandeji ya makona atatu imakoleka mkono wothyoka m'khosi. Imeneyi ndiyo yokha imene citenje cocapa bwino cingalowe m'malo mwake popanda vuto.

Zina zosafunika kuiwala ndi mapulasitala a zilonda zing'onozing'ono, tepi yomatila, sizasi ndi magolovesi otetezela wothandiza ku matenda opita m'magazi.

Zinthu zimenezi zili ndi tsiku lothela nchito lolembedwa pa pepala lake. Bokosi losungidwa m'galimoto liyenela kuonedwa kawilikawili, cifukwa kutentha kwa mwezi wa October kumaononga zomatila za pulasitala, ndipo gauze amene pepala lake lang'ambika kapena kunyowa salinso waukhondo. Bungwe la Zambia Red Cross Society limaphunzitsa anthu kagwilitsidwe nchito ka zipangizozi. Cilonda cakuya, columidwa ndi galu kapena cosaleka kukha magazi cifunika kuonedwa ku cipatala mwamsanga ngakhale citamangidwa bwino.