Kupotoza Mbiri m'Mafilimu: Nkhani ya Magetsi a Mphepo a ku Wimbe

Kupotoza mbiri m'mafilimu ndi mchitidwe wosintha zomwe zidachitikadi pokonza filimu imene eni ake akuti ndi nkhani yoona. Wokonza amatha kupanikiza zaka zisanu kuti zikwane m'dzinja limodzi, kuphatikiza anthu atatu kukhala munthu mmodzi, kapena kupatsa nkhani mathero omwe idalibe. Ku Malawi chitsanzo chodziwika bwino ndi filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu, mnyamata yemwe adamanga makina amphepo opanga magetsi.

Kumene anthu amakumana ndi mbiri yotereyi

Wailesi yakanema idayamba m'dziko muno mu 1999. Isadayambe, ngakhalenso itayamba, anthu ambiri a m'matauni a Blantyre monga Nkolokosa, Zingwangwa, Ndirande ndi Bangwe ankaonera mafilimu ku vidiyo shoo: kachipinda ka mabenchi, chinsalu chakuda pakhomo, sipika panja ikulira kuti odutsa akopeke, ndi chikatoni cholembedwa mafilimu a tsikulo. Achinyamata ambiri adamva za nkhondo ya ku Vietnam m'zipinda zimenezi asadaiwerenge m'buku lililonse. Aphunzitsi awo adali Chuck Norris mu Missing in Action ya 1984 ndi Sylvester Stallone mu Rambo: First Blood Part II ya 1985. Mafilimu onse awiri akuti asilikali a America adasiyidwa m'ndende zachinsinsi nkhondo itatha, koma komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate ya ku America itafufuza idalengeza mu 1993 kuti sidapeze umboni wogwirika woti alipo adatsala wamoyo m'ndende zoterozo.

Masiku ano pali dzanja linanso, la omasulira mafilimu m'Chichewa. Womasulira amalankhula m'malo mwa aliyense, amapatsa osewera maina akuno, ndipo pomwe Chingerezi kapena Chitchaina chamuthawa amaikapo zakezake. Oonera amadziwa kuti akuwaseketsa. Chovuta kuchiona ndi bodza lomwe lidalowa kale filimuyo isadafike kwa womasulira.

Mwachitsanzo, filimu ya Shaka Zulu ya 1986, yomwe Henry Cele adasewera ngati Shaka, idakonzedwa ndi wailesi yaboma ya SABC m'nthawi ya tsankho ku South Africa. Nkhani yake idatsamira pa zolemba za azungu amalonda a ku Port Natal, makamaka Henry Francis Fynn. Akatswiri a mbiri amazikayikira, poti mnzake Nathaniel Isaacs adalembera Fynn kalata yomulangiza kuti aonetse mafumu a Azulu ngati okonda kukhetsa magazi kuti buku ligulidwe. Kwa Angoni a kuno, omwe makolo awo adachoka m'dera lomwelo pa nkhondo za m'nthawi imeneyo, si nkhani yachilendo ayi.

Filimu ya Kamkwamba

William Kamkwamba adabadwa mu 1987 ndipo adakulira m'mudzi wa Masitala ku Wimbe. Buku la moyo wake, lomwe adalemba ndi mtolankhani Bryan Mealer, lidatuluka mu 2009. Filimu idatsatira mu 2019 pa Netflix. Chiwetel Ejiofor adailemba, adaitsogolera, ndiponso adasewera ngati bambo a William. Idajambulidwa ku Kasungu komweko, mbali yaikulu m'Chichewa, ndipo dziko la Britain lidaitumiza ku mpikisano wa Oscar m'gawo la mafilimu a zinenero zina.

Zambiri zidagwidwa bwino. Mizere ya pa ADMARC, anthu kudya kamodzi patsiku, mwana kuthamangitsidwa ku sekondale ya Kachokolo chifukwa cha fizi, mfumu kumenyedwa italankhula za njala pamsonkhano wa pulezidenti, zonsezi zili m'buku ndipo amene adaona njala ya 2001 mpaka 2002 sazitsutsa.

Kusintha kwakukulu kuli kumathero. M'filimu, William amanga makina ake njala ili mkati, makinawo ayendetsa pampu, madzi atuluka m'chitsime, munda uthiriridwa m'chilimwe, mudzi upulumuka. M'buku lake lomwe, nkhani siili choncho. Makina oyamba adawamanga mu 2002 njala itayamba kale kuchepa, anthu atalawa zakumunda. Nsanja idali ya mitengo ya bulugamu, mapiko a mapaipi apulasitiki owongola pamoto, fani ya thirakitala yotola ku dzala la zitsulo, chimango cha njinga ndi dayinamo. Chomwe chidatuluka ndi magetsi okwana kuyatsa babu m'chipinda chake, kenaka mababu angapo ndi wailesi panyumba, ndipo anthu ankabwera kudzatchajitsa mafoni. Madzi adabwera patapita zaka. Nyuzipepala ya Daily Times idalemba za iye mu 2006, adakalankhula ku msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha mu 2007, ndipo ndi thandizo la anthu omwe adamumva kumeneko, pakhomo padakumbidwa chitsime chakuya n'kuikidwa pampu yoyendera mphamvu ya dzuwa.

Zina n'zing'onozing'ono, koma zonse zimakokera mbali imodzi. M'filimu William aopseza mphunzitsi kuti aulula chibwenzi chake ndi mchemwali wake akapanda kumulola kulowa m'laibulale ya pasukulu. Zoona zake, mabukuwo, kuphatikizapo la Using Energy lomwe pachikuto pake padali chithunzi cha makina amphepo, ankawabwereka ku kalaibulale ka pa pulayimale ya Wimbe popanda kuopseza munthu. Dayinamo m'filimu ichokera pa njinga ya mphunzitsi uja, pomwe m'buku adamugulira ndi mnzake, mwana wa mfumu. Banja la ana asanu ndi awiri lidachepetsedwa. Mkangano wa bambo ndi mwana pa njinga udakuzidwa mpaka kukhala msana wa filimu yonse.

Nkhani ya chinenero idautsa mapokoso payokha. Maxwell Simba, yemwe adasewera ngati William, ndi wa ku Kenya. Aïssa Maïga, mayi a William, adabadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Lily Banda ndi mmodzi mwa Amalawi ochepa omwe adapatsidwa mbali zikuluzikulu, ndipo iye akangotsegula pakamwa kusiyana kumamveka. Mlendo wowerenga mawu a pansi pa kanema samva kanthu. Munthu wa ku Kasungu amamva banja limodzi likulankhula Chichewa cha mitundu inayi.

Chimene chimabisika

Njala ya 2001 mpaka 2002 idali ndi eni ake. Mvula yochuluka ndi kusefukira kwa madzi kumayambiriro kwa 2001 zidatsitsa zokolola za chimanga kuchoka pa matani pafupifupi 2.5 miliyoni kufika pa 1.7 miliyoni. Pulogalamu ya sitata paki, yomwe inkapereka mbewu ndi feteleza kwa alimi ang'onoang'ono, idali itachepetsedwa. Chimanga cha m'nkhokwe za boma, matani pafupifupi 167,000, chidagulitsidwa njala isadafike, ndipo boma ndi bungwe la IMF adalozana zala pa za amene adalangiza zimenezo. Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pa ngozi mu February 2002, anthu atayamba kale kudya gaga ndi zitsinde za nthochi. Filimuyo imakhudzako kukana kwa boma kuvomereza njala, ndipo pamenepo iyenera kuyamikiridwa. Koma ikamatha ndi madzi akuyenda m'ngalande, woonera amatuluka akuganiza kuti chomwe chidasowa chidali nzeru za mnyamata mmodzi. Njala ija idatha ndi zokolola ndi chimanga cha thandizo.

Oikira kumbuyo filimuyi amati filimu ya maola awiri si buku, ndipo babu loyaka m'chipinda silingagwedeze mtima ngati madzi otuluka panthaka youma. Amakumbutsanso kuti cholinga cha William kuyambira pachiyambi chidali chopopa madzi kuti banja lake lizikolola kawiri pachaka, choncho filimuyo idangomupatsa msanga chomwe adadzachipeza pambuyo pake. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu. Imafooka pamene filimu ndiyo yokha ikufika kwa anthu: buku lili m'Chingerezi ndipo n'lodula, pomwe filimu imayenda pa memori kadi ndi pa fulashi, kuchoka foni iyi kupita foni iyo.

Nkhani ya zaka zotsatira, ya sukulu ya African Leadership Academy ku Johannesburg ndi kulemera kwa kutchuka paphewa la mnyamata wa kumudzi, ili mu filimu ina yojambula zenizeni, William and the Windmill ya 2013. Kamkwamba adamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America mu 2014.