Za Ncito ya Singano, ndi Amene Anaicepsa

Ambiri a ife tiyesa kupeta nsaru, ndiko kulembapo zithunzi ndi singano ndi thonje, kancito ka akazi kocita pakhonde zina zitatha. Koma sikunatero ciyambire.

Iripo nsaru yochedwa ya Bayeux, potsata dzina la mudzi wa ku France umene unaisunga zaka mazana ambiri. M'litali mwace iri mamita ngati 70, ndipo opeta analembapo ndi ubweya wa nkhosa nkhondo ya caka ca 1066, imene William wa ku Normandy anagonjetsa nayo Harold, mfumu ya Angelezi. M'zaka mazana otsatira opeta a ku England anali amuna ndi akazi omwe, nalandira malipiro. Zobvala zace za ansembe zinafunidwa kufikira ku Roma. Mkazi wina, Mabel wa ku Bury St Edmunds, dzina lace lalembedwa m'mabuku a cuma a Mfumu Henry III.

Tsono kucepsako kunadza bwanji? Mwa zina kunadza ndi lamulo la anthu. M'caka ca 1768 akatswiri a zithunzi anakhazika bungwe lao ku London, Royal Academy. Ndipo mu 1770 analamula kuti ncito ya singano isalowe m'cionetsero cao. Cojambula ndi utoto cinayesedwa luso, copeta cinayesedwa cosewera naco akazi. Ife tinalandira maganizo awa pamodzi ndi sukulu, kumene asungwana anapatsidwa singano, tingakhale tidziwa kuti kwa Amang'anja akale amuna ndiwo anaomba nsaru.

Koma taonani cimene anacita akazi a ku Hamburg, mudzi wosauka wa pa mtsinje wa Keiskamma ku South Africa. Mu 2004 akazi oposa 100 anatsiriza nsaru ya mamita 120, natsanza ya Bayeux ija, koma anatembenuza nkhani: uko analemba ogonjetsa, kuno analemba ogonjetsedwa. Anapetapo nkhondo za Axhosa ndi Azungu, ndi kupha ng'ombe kwa 1856 ndi 1857 pa mau a namwali Nongqawuse, kumene kunadzetsa njala yoopsa. Nsaruyo inapacikidwa m'Nyumba ya Malamulo ku Cape Town, ndipo pamene moto unatentha nyumbayo mu 2022, inapulumuka.