MBIRI YA ZISANKHO ZA MAKHANSALA M'DZIKO LINO

Ambirife tisanasankhidwe kupita ku sekondale tinaphunzira pa sukulu zimene maina ake amathera ndi malembo atatu aja, L.E.A. Pa nthawiyo sitinkafunsa tanthauzo lake. Malembowo ndi chizindikiro chakuti kale khonsolo ya boma inali ndi mphamvu zenizeni, moti ndiyo inkayang'anira sukulu za pulayimale, misika, misewu ya kumidzi ndi nyumba zogona alendo. Ndaganiza kuti m'kalata yathuyi ndikumbutse anzanga m'mene mphamvuzo zinathera, ndiponso chifukwa chimene zipani zathu zakhala zikuopera chisankho cha makhansala kuposa chisankho china chilichonse. Poti ife a m'boma timalangizidwa kusatenga mbali pa ndale, chipani chilichonse chimene chinalamulirapo ndichitchula mofanana.

Makhonsolo a m'maboma anakhazikitsidwa ndi lamulo la atsamunda la m'chaka cha 1953. Wapampando wake anali bwanamkubwa wa boma, DC, ndipo ambiri mwa okhala nawo anali mafumu ndi anthu ongolozedwa chala. Zinthu zinasintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pamene anthu anayamba kusankha okha makhansala awo. Chipani cha Malawi Congress chinkaona makhonsolo ngati njira yochotsera mphamvu m'manja mwa ma DC achizungu. Taonani kuti mu 1961 Dr. Kamuzu Banda mwini wake ndiye anatenga unduna woona za maboma aang'ono, ndipo mu 1963 unapita kwa a Henry Masauko Chipembere. Sunali unduna wopatsa munthu wamba.

Ulemerero umenewu sunakhalitse. Nduna zitagalukira Dr. Banda mu 1964, boma linayamba kukayikira malo aliwonse amene anthu akanatha kusonkhana ndi kupanga mfundo paokha. Ntchito za chitukuko zinaperekedwa kwa makomiti a chitukuko otsogozedwa ndi DC, amene ankayankha ku ofesi ya Pulezidenti, ndipo kuyambira mu 1966, dziko litakhala la chipani chimodzi, munthu sakanaima pa ukhansala popanda chilolezo cha chipani. Khonsolo inatsala ndi ntchito yodula ziphaso pa msika ndi kusesa pa depoti.

Matipate atabwera ndi riferendamu ya pa 14 June 1993, ambiri tinkayembekeza kuti makhonsolo adzukanso. Koma chisankho cha pa 17 May 1994 chinali cha Pulezidenti ndi aphungu okha. Makhansala amene analipo anali osankhidwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo boma la UDF linathetsa makhonsolowo mu 1995. Apa panalibe chodabwitsa. Chodabwitsa n'chakuti panapita zaka zisanu mipandoyo ili yopanda anthu. Zifukwa zake sizovuta kuziona tikayang'ana m'mene mavoti a mu 1994 anagawikira. Pa mipando 177 ya ku Nyumba ya Malamulo, UDF inapeza 85, yambiri ya kum'mwera, MCP inapeza 56, yambiri ya pakati, ndipo AFORD inapeza 36, kuphatikizapo mipando yonse ya kumpoto. Chisankho cha makhansala pa nthawi imeneyo chikanapereka makhonsolo a zigawo ziwiri kwa otsutsa boma, pamodzi ndi mzinda wa Mzuzu ndipo mwinanso likulu lenilenilo.

Lamulo latsopano la maboma aang'ono linadutsa mu 1998, pamodzi ndi ndondomeko yopereka mphamvu kwa anthu, ndipo chisankho chinachitika pa 21 November 2000. Ine ndimachiona chisankho chimenechi ngati chomvetsa chisoni pa zonse zimene tachita. Pa anthu 100 alionse olembetsa, amene anakaponya voti anali 14 okha. MCP inali itagawanika pakati pa a Gwanda Chakuamba ndi a John Tembo, moti m'mawodi ambiri otsatira chipanicho sankadziwa kuti munthu wawo ndi uti, ndipo m'mawodi ena munthu ankangodutsa popanda wopikisana naye. UDF inatenga mipando yoposa 600 pa mipando pafupifupi 860. AFORD ndiyo inabwera pachiwiri, MCP n'kukhala pachitatu. Chisankho chinaloledwa pamene olamula anatsimikiza kuti sangagonje.

Nthawi ya makhansala amenewa inatha mu March 2005. Mwezi umodzi m'mbuyo mwake, Dr. Bingu wa Mutharika anali atatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP, chipani chimene chinalibe nthambi kumidzi ndipo chinali ndi aphungu ochepa. Boma linkanena za njala ya chaka chimenecho ndi kusowa kwa ndalama, ndipo njalayo inalikodi, koma inatha chisankho osachitika. Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti ngakhale DPP itapambana kwambiri mu 2009, mantha sanathe. Mu 2010 aphungu anasintha lamulo lija la mu 1998. Anachepetsa mawodi, anadzipatsa okha mphamvu yoponya voti m'makhonsolo, ndipo anapereka kwa nduna mphamvu yosankha ma DC ndi akuluakulu oyendetsa mizinda. Mu December chaka chomwecho Pulezidenti anaimitsa ntchito za bungwe loyendetsa zisankho pa nkhani ya ndalama zosaoneka mutu wake, ndipo chisankho chimene chinayenera kuchitika mu April 2011 chinalephereka.

Apa mpamene pagona nkhani, anzanga. Amene amaopa khansala si Pulezidenti yekha ayi. Phungu ndiye amamuopa kwambiri, posatengera chipani chake. Khansala amakhala kumudzi konko, amapezeka pa maliro alionse, amadziwa mjigo umene wafa ndi mlatho umene wakokoloka, pamene phungu ali ku Lilongwe. Pakatha zaka zisanu, amene akalimbane ndi phunguyo pa chisankho cha chipulula ndi khansala yemweyo. N'chifukwa chake pa nkhani iyi aphungu a boma ndi otsutsa, amene pa zina zonse sankamwerana madzi, sankavuta kumvana. Thumba la ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, linayamba mu 2006, kulibe khansala ndi mmodzi yemwe woti afunse m'mene ndalamazo zikuyendera. Amene tinkagwira ntchito m'boma zaka zimenezo tikukumbukira kuti bajeti ya khonsolo inkakambidwa ndi DC, mafumu ndi aphungu, m'misonkhano yongofunsana nzeru imene lamulo silinkaidziwa n'komwe.

Tikawerengetsa, pa zaka 20 zoyamba za ulamuliro wa zipani zambiri, zaka pafupifupi 14 tinakhala opanda makhansala. Chimene chinathetsa mchitidwewu n'kusintha kwa malamulo aakulu mu 2012, m'nthawi ya Mayi Joyce Banda, kuti zisankho zonse zitatu zizichitika tsiku limodzi. Amene akufuna kuzengereza chisankho cha makhansala ayenera tsopano kuzengerezanso chake chomwe. Pa 20 May 2014 panali mawodi 462, ndipo DPP inapeza mipando 165, MCP 131, PP 65 ndi UDF 57. Mfumu ya mzinda wa Lilongwe inachokera ku MCP pamene boma linali la DPP, ndipo dziko silinagwe.

Komabe mankhwalawa ali ndi kuwawa kwake. Anthu amakaponya voti mwaunyinji, inde, koma maganizo awo amakhala pa Pulezidenti. Pepala lachitatu ambiri amangoyang'ana chizindikiro cha chipani, kaya tambala, kaya chimanga, kaya manja ogwirana, dzina la munthu osaliwerenga. Kotero mapu a makhonsolo amangofanana ndi mapu a zigawo. Pa chisankho cha pa 21 May 2019 DPP ndi MCP zinangotsala pang'ono kufanana mipando, chilichonse m'dera lake. Chimene chinandipatsa chidwi chaka chimenecho ndi oima paokha, amene anapambana m'mawodi oposa 70, ambiri a iwo atakanidwa ndi zipani zawo pa chisankho cha chipulula.

Mkangano wa phungu ndi khansala unakafika ku khoti. Bungwe la makhonsolo la MALGA linakasuma, ndipo mu May 2025 oweruza anagamula kuti n'kulakwira malamulo aakulu a dziko kuti aphungu aziponya voti m'makhonsolo ndi kuyendetsa ndalama za CDF, popeza ntchito yawo ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza m'mene boma likugwiritsira ntchito ndalama. Patapita miyezi inayi, pa 16 September 2025, anthu anasankha makhansala m'mawodi 509. Aka kanali kachitatu motsatizana kuti makhansala asankhidwe pamodzi ndi aphungu, ndipo palibe chipani chimene chinayesa kuwasiya kunja.