Ulendo wa Maphunziro Kunja, Kuchokera kwa Chilembwe Kufika ku Mgona

Mwambo wopita kunja kukaphunzira ndi wakale kuposa yunivesite iliyonse m'Malawi muno, pakuti University of Malawi inakhazikitsidwa mu 1964 ndipo inalandira ophunzira ake oyamba ku Chichiri mu 1965, pomwe ana a dziko lino anali atayamba kuwoloka nyanja zaka pafupifupi 70 m'mbuyomo. Pa mbiri yonseyi chikuoneka chinthu chimodzi: chomwe wophunzira amachiona poyamba akafika kwa eni chimadalira kwambiri chomwe anachisowa kwawo.

John Chilembwe anapita ku America mu 1897 pamodzi ndi m'mishonale Joseph Booth, ndipo anakaphunzira ku Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Kumeneko anapeza tsankho lokhazikitsidwa ndi malamulo, lolekanitsa azungu ndi anthu akuda m'sitima ndi m'sukulu momwe, koma anaonanso chinthu chomwe ku Nyasaland kunalibe, ndicho sukulu yaukachenjede yoyendetsedwa ndi anthu akuda okhaokha. Mosakayika chachiwirichi ndicho chinamulowa mumtima, popeza atabwerera mu 1900 anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, komwe mbusa ndi aphunzitsi anali anthu akuda. Daniel Sharpe Malekebu, yemwe anaphunzira pa mishoni yomweyo, anatsata njirayo, namaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mu 1917, ndipo anadzatsegulanso mishoniyo mu 1926.

Hastings Kamuzu Banda anafika ku America mu 1925 atagwirako ntchito ku Rhodesia ndi m'migodi ya ku Joni, naphunzira ku Wilberforce, ku Chicago ndi ku Meharry komweko. Komabe digiri ya ku America sinali yokwanira kuti agwire ntchito ya udokotala m'maiko olamulidwa ndi Britain, motero anayenera kuonjezera maphunziro ku Edinburgh, komwe anamaliza mu 1941. Ena, monga Orton Chirwa ndi Masauko Chipembere, anapita ku Fort Hare ku South Africa, pomwe Kanyama Chiume ndi David Rubadiri anapita ku Makerere ku Uganda, ndipo ambiri a iwo anabwerako ali andale.

Ulendo wovuta koposa unali wa Legson Kayira, amene ananyamuka wapansi kumpoto kwa dziko lino mu 1958, nafika ku Kampala, komwe anapeza dzina la Skagit Valley College m'buku la mu laibulale, nalembera kalata sukuluyo, kenako napitirira mpaka ku Khartoum kukatenga viza, chomwe ndi chilolezo cholowera m'dziko la eni. Anafika ku America mu 1960, ndipo za ulendowo analemba m'buku lake la I Will Try, lomwe linatuluka mu 1965.

Masiku ano ulendo wotere ukhoza kuyambira ku Mgona, dera la ku Lilongwe lomwe linakula popanda mapulani a mzinda likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, pamene anthu ankadza kudzafuna ganyu m'mafakitale a fodya ku Kanengo, ndipo lero limadziwikanso ndi malonda a mtedza. Msewu wa M1 wopita ku bwalo la ndege la Kamuzu umadutsa pafupi, kotero mwana wa kumeneko ali kufupi ndi khomo lotulukira kunja kuposa mmene Kayira analili. Chomutchinga si mtunda ayi, koma mapointi abwino a MSCE, ndalama za pasipoti ndi sikolashipu, lomwe ndi thandizo lolipira fizi ndi zofunika zina. Njira nazonso zasintha, pakuti chiyambire ubale wa Malawi ndi China mu December 2007 ophunzira ambiri amalowera kummawa, komwe ena amayamba ndi chaka chophunzira chilankhulo asanayambe maphunziro enieni.

Amene wakulira motunga madzi pa kiyosiki ndi kuwerengera pa kandulo magetsi akazima akafika kunja amayamba wadabwa ndi laibulale yotsegula mpaka usiku, kenako kuzizira ndi kusowa kwa ufa wa nsima, ndipo pasanathe mwezi abale amayamba kumuimbira pa WhatsApp kupempha kangachepe, poganiza kuti aliyense amene wakwera ndege walemera. Kangachepeko kamachoka pa ndalama ya sikolashipu, yomwe anaiwerengera kuti ikwanire munthu mmodzi.