Makiyi a Nyumba ndi Mlangizi wa Pakhomo: Mbiri ya Ntchito Yothandiza Mabanja Opanda Pokhala ku America

M'mizinda yambiri ya dziko la United States muli nyumba zimene zimaperekedwa kwa mabanja amene akhala nthawi yaitali opanda pokhala, ndipo banja likalowamo limalipira lendi yosapitirira 30 peresenti ya ndalama zimene limapeza, gawo lotsalalo n'kumalipiridwa ndi boma kapena bungwe lachifundo. Chimene chimasiyanitsa nyumba zimenezi ndi nyumba zina za lendi yotsika n'chakuti banja lililonse limakhala ndi mlangizi wake, amene amaliyendera pakhomo, kulemba nalo ndondomeko ya zofuna kukwaniritsa, ndi kulilumikiza ndi chipatala, sukulu, khoti kapena ofesi yopereka thandizo la ndalama. Ntchito ya mlangiziyu, imene eni ake amaitcha case management, inayamba kale kwambiri kuposa nyumbazo, ndipo mbiri yake yonse yazungulira pa funso limodzi lovuta, loti kodi munthu amene amabwera kudzathandiza banja akhalenso ndi mphamvu zolitulutsa m'nyumba kapena ayi.

Mizu ya ntchitoyi ili mumzinda wa London. M'chaka cha 1865 Octavia Hill anayamba kuyang'anira nyumba zitatu zowonongeka za pa Paradise Place m'dera la Marylebone, zimene anazigula ndi ndalama za mlembi John Ruskin, ndipo anakhazikitsa mwambo woti amayi ophunzira azipita okha sabata iliyonse kukatolera lendi khomo ndi khomo. Amayiwo sankangolandira ndalama ayi, koma ankaonanso ngati pakhomo pasesedwa, ngati ana akupita kusukulu, ndiponso ngati bambo wa pakhomopo ali pa ntchito, ndipo nthawi zina ankamupezera ganyu yokonza nyumba zomwezo. Pofika 1874 Hill ankayang'anira nyumba zokhalamo anthu pafupifupi 3,000. Iye ankakhulupirira kuti kukonza nyumba ndi kukonza khalidwe la okhalamo ndi ntchito imodzi, choncho banja lolephera kulipira lendi pa nthawi yake ankalitulutsa mosanyengerera. Apa mthandizi ndi mwininyumba anali munthu mmodzi, ndipo banja limene linkamutsegulira chitseko linkadziwa kuti chilichonse chimene waona chingathe kulichotsetsa pamalopo.

Mzimu womwewo unali m'bungwe la Charity Organisation Society, limene linakhazikitsidwa ku London mu 1869 n'kufika ku America mu 1877 kudzera mumzinda wa Buffalo. Bungweli linkatumiza anthu odzipereka kukayendera mabanja osauka, kufufuza chimene chawasaukitsa, ndi kulemba zonse m'kaundula kuti banja limodzi lisalandire thandizo ku mabungwe awiri, ndipo cholinga chenicheni cha kafukufukuyo chinali kusiyanitsa osauka oyenera chifundo ndi amene ankaonedwa kuti umphawi wawo n'ngodzipatsa okha. Mary Richmond, amene anayamba ntchito m'nthambi ya bungweli ku Baltimore mu 1889, ndiye anasandutsa maulendo amenewa kukhala luso lophunzitsidwa, ndipo buku lake la Social Diagnosis la mu 1917 linafotokoza mmene mlangizi ayenera kusonkhanitsira umboni kwa banja, achibale, aphunzitsi, madokotala ndi olemba ntchito asanagamule chochita. Fayilo ya banja, imene mlangizi aliyense amanyamula mpaka lero, inachokera kumeneko.

Boma litayamba kupereka ndalama kwa mabanja, udindo woweruza unangosamukira m'manja mwa ogwira ntchito zaboma. Msonkhano umene unachitikira ku White House mu 1909 unagwirizana kuti mwana asachotsedwe kwa makolo ake chifukwa cha umphawi wokha, ndipo chigawo cha Illinois chinayamba kupereka ndalama kwa amayi olera ana okha mu 1911, dongosolo limene pambuyo pake linalowa m'lamulo la dziko lonse la Social Security Act la mu 1935. Komabe ndalamazo zinkapita kwa mayi amene pakhomo pake paonedwa kuti m'poyenera kulererapo ana, ndipo m'zigawo zina ofufuza ankagogoda pazitseko pakati pa usiku kufuna kuona ngati m'nyumba mukugona mwamuna, kufikira khoti lalikulu la dzikolo linathetsa lamulo lotero pa mlandu wa King v. Smith mu 1968. N'zosadabwitsa kuti mabanja ambiri osauka, makamaka a anthu akuda amene ankavutika kwambiri ndi malamulowa, anaphunzira kulandira mlendo wochokera ku boma mwaulemu koma mosamuuza zambiri.

Maonekedwe amakono a ntchitoyi anachokera ku mbali ina, ya odwala matenda a maganizo. Mu 1955 zipatala za boma za odwala otere zinkasunga anthu oposa 550,000, koma m'zaka makumi awiri zotsatira ambiri anatulutsidwa kuti akakhale pakati pa anthu, kumene thandizo linali lomwazikana m'maofesi osadziwana. Kunafunika munthu mmodzi woti azitsatira wodwala aliyense ndi kumulumikizira zonsezo, ndipo akatswiri a ku Madison m'chigawo cha Wisconsin, motsogozedwa ndi Leonard Stein ndi Mary Ann Test, anasonyeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kuti gulu la ogwira ntchito lingathe kumusamalira wodwala komwe akukhala m'malo momudikirira kuchipatala. Nyumba zoyamba zokhala ndi alangizi zinakonzedwera anthu otere, monga St. Francis Residence imene ansembe a chipani cha Franciscan anatsegula ku New York mu 1980, ndipo zinali za munthu mmodzimmodzi, osati za mayi ndi ana.

Mabanja anayamba kuonekera ambiri m'malo ogona ongoyembekezera m'zaka za m'ma 1980, pamene lendi inakwera, nyumba zotsika mtengo zinagwetsedwa kapena kusandutsidwa za anthu olemera, ndipo ndalama za boma zothandizira amayi zinatsalira kumbuyo kwa mitengo ya zinthu. Ku New York, kumene makhoti anagamula mu 1986 pa mlandu wa McCain v. Koch kuti banja lililonse lopanda pokhala liyenera kupatsidwa pogona, akuluakulu a mzinda ankaika mabanja m'mahotela akale. Hotela ya Martinique, imene Jonathan Kozol anaifotokoza m'buku lake la mu 1988 lotchedwa Rachel and Her Children, inkasunga mabanja mazana angapo m'zipinda zopanda pophikira, pamene mzinda unkalipira pa chipinda chimodzi ndalama zoposa lendi ya nyumba yathunthu. Lamulo la McKinney la mu 1987, limene linali loyamba la boma lalikulu kuyang'ana vutoli mokwanira, linapereka ndalama zomangira nyumba zodutsiramo, kumene banja linkakhala mpaka miyezi 24 likuphunzitsidwa kasungidwe ka ndalama, kaleredwe ka ana ndi kafunidwe ka ntchito. M'nyumba zambiri zotere munali nthawi yotsekera chipata, kuyezedwa ngati munthu wamwa mankhwala ozunguza bongo, ndi misonkhano yosaloledwa kujomba, ndipo mlangizi ndiye ankalemba ngati banja lakhwima moti n'kupatsidwa nyumba yakeyake. Mwa njira imeneyi makiyi anabwerera m'manja mwa mthandizi monga zinalili pa Paradise Place.

Amene anatembenuza dongosololi pankhani ya mabanja ndi Tanya Tull, amene anakhazikitsa bungwe la Beyond Shelter ku Los Angeles mu 1988, zaka zinayi Sam Tsemberis asanayambitse Pathways to Housing ku New York, ngakhale kuti dzina la Tsemberis ndilo limatchulidwa kawirikawiri pamene anthu akamba za njira yotchedwa Housing First, yotanthauza kuti nyumba ibwere poyamba ndipo zina zonse zitsatire. Tull ankaona kuti mayi amene sakudziwa kumene ana ake agone mwezi wamawa sangaike mtima pa maphunziro a kasungidwe ka ndalama, ndiponso kuti luso lokhala mwamtendere ndi anansi ndi mwininyumba silingaphunziridwe kwina kulikonse koma m'nyumba momwemo. Bungwe lake linkapezera banja nyumba ya lendi m'dera wamba, mgwirizano wa lendi n'kulembedwa m'dzina la banjalo, kenako mlangizi ankaliyendera kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka. Mfundo imene inakhazikika kuchokera apa, imene bungwe la Corporation for Supportive Housing lakhala likuifalitsa chikhazikitsidwire mu 1991, ndi yakuti woyang'anira nyumba ndi mlangizi akhale anthu awiri osiyana, ndipo banja lingachotsedwe pokhapokha ngati laphwanya mgwirizano wa lendi monga zingachitikire kwa wina aliyense, osati chifukwa lakana kuonana ndi mlangizi.

Kusintha kumeneku kunalemetsa ntchito ya mlangizi m'malo moipeputsa, popeza munthu amene sangaopseze ayenera kukhala ndi phindu looneka kuti atsegulidwe chitseko kachiwiri. Masiku oyamba amathera pa zinthu zooneka zazing'ono zimene kwa banja n'zazikulu: kupezanso zikalata za kubadwa kwa ana zimene zinatayika posamukasamuka, kukambirana ndi kampani ya magetsi za ngongole yakale, kupeza mabedi ndi miphika, ndi kuuza sukulu kuti lamulo limalola mwana wopanda pokhala kupitiriza pa sukulu yake yakale ndi kupatsidwa mayendedwe. Pambuyo pake m'pamene pamatuluka nkhani zozama, monga nkhanza zimene mayi anathawa, matenda a maganizo osalandirapo chithandizo, kapena mwana amene ali m'manja mwa boma. Njira yotchedwa Critical Time Intervention, imene inayesedwa koyamba ku New York pakati pa amuna otuluka m'malo ogona a Fort Washington Armory n'kudzagwiritsidwanso ntchito pa mabanja, imagawa ntchitoyi m'zigawo zitatu za miyezi itatuitatu, ndipo mlangizi amachepetsa maulendo ake pang'onopang'ono pamene akusiya banja m'manja mwa chipatala cha m'deralo, sukulu, mpingo ndi achibale.

Kafukufuku anadzabweretsa mfundo imene ogwira ntchitoyi ena sanaikonde. Marybeth Shinn ndi anzake, atatsatira mabanja a ku New York kwa zaka zisanu, anafalitsa mu 1998 kuti pafupifupi 80 peresenti ya mabanja amene analandira nyumba yothandizidwa lendi anakhazikika, poyerekeza ndi 18 peresenti ya amene sanalandire, ndipo mavuto a munthu payekha sanasinthe kwenikweni chithunzichi. Kafukufuku wamkulu wa Family Options Study, amene anagawa mwa maere mabanja 2,282 a m'madera 12 pakati pa 2010 ndi 2012, anapeza kuti patatha zaka zitatu mabanja opatsidwa makuponi a lendi a nthawi yaitali, popanda uphungu wochuluka, sankabwerera kawirikawiri kumalo ogona ongoyembekezera, ndipo njala, nkhanza za m'banja ndi kusinthasintha sukulu kwa ana zinachepa, pamene nyumba zodutsiramo, ngakhale zinali ndi alangizi ambiri, sizinaonetse phindu lofanana nalo. Tanthauzo lake n'lakuti mabanja ambiri opanda pokhala ndi mabanja osauka chabe amene lendi yawakulira, ndipo kuwapatsa mlangizi m'malo mwa lendi n'kulakwitsa kwakale komwe kuja koyesa umphawi ngati matenda a khalidwe.

Chifukwa cha zimenezi nyumba zokhala ndi alangizi okhazikika zayamba kusungidwira mabanja ochepa a mavuto ophatikizana, makamaka amene ana awo atengedwa kapena ali pafupi kutengedwa ndi ofesi yoteteza ana. Lamulo la mu 1990 linakhazikitsa makuponi apadera a Family Unification Program othandiza mabanja amene kusowa nyumba ndiko kukuwalekanitsa ndi ana awo, ndipo mu 2012 nthambi ya boma ya Children's Bureau inapereka ndalama zoyesera nyumba zokhala ndi alangizi kwa mabanja otere ku San Francisco, Memphis, Cedar Rapids, Broward County ndi Connecticut. Pa mabanja amenewa kulekanitsa thandizo ndi chiweruzo sikungatheke kotheratu, pakuti zigawo zonse zimalamula ogwira ntchito yosamalira anthu kuti akanene ku boma ngati akuganizira kuti mwana akuzunzidwa kapena kutayiriridwa. Mlangizi amene sangathenso kulanda banja makiyi angathebe kuyambitsa kafukufuku wolichotsera mwana, ndipo n'chifukwa chake mabungwe ambiri amaphunzitsa alangizi awo kufotokozera kholo za udindo umenewu pa tsiku loyamba, fayilo isanatsegulidwe, kuti kholo lisankhe zoti linene likudziwa kumene mawu ake angafike.