Kulira kwa Banjo m'Minda ya Tiyi ya ku Thyolo

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kulowera ku Mulanje akangopitirira pa Bvumbwe amayamba kuona minda ya tiyi yomwe yakuta zitunda za boma la Thyolo. Minda imeneyi imatchuka ndi masamba ake ogulitsidwa kunja, koma ilinso ndi mbiri ina imene silembedwa kawirikawiri, ndiyo mbiri ya nyimbo za anthu othyola tiyiyo. M'nkhani ino tiona m'mene nyimbozi zakhala zikusinthira, ndiponso chifukwa chake mitima ya ozikonda imawawa gulu loimba likasiya maimbidwe ake akale.

Ulimi wa tiyi unayamba ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo patapita zaka unafika ku Thyolo, kumene maesiteti monga Satemwa, yemwe anakhazikitsidwa mu 1923, anafuna antchito ochuluka. Ambiri mwa antchitowa anali Alomwe amene anaoloka malire kuchokera ku Mozambique pothawa njala ndi nkhanza za Apwitikizi. Pofika kuno anapeza malo ali m'manja mwa Azungu, kotero kuti pofuna pomanga nyumba ndi polima ankagwira ntchito ya thangata. Mkwiyo wa anthu pa nkhani ya malo unabuka m'zipolowe za mu Ogasiti 1953, ndipo thangata anathetsedwa mu 1962. M'masiku owawa onsewo anthuwa ankadzitonthoza ndi magule amene anabwera nawo, monga tchopa, sekhere ndi likwata. Choimbira chachikulu chinali ng'oma, ndipo nyimbo inali ya mudzi wonse, popeza wina ankatsogolera ena onse nkumavomera.

Banjo ndi gitala zinafala pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene inatha mu 1945. Asilikali obwerera kwawo pamodzi ndi amuna ochokera ku Salisbury ndi kumigodi ya ku Johannesburg ankabwera ndi zoimbirazi, ena atanyamulanso galamafoni ndi mbale zake. Anyamata a m'makomboni analibe ndalama zogulira banjo ya m'sitolo, choncho anayamba kupanga zawo. Ankatenga chitini kapena mtengo wogoba, kukungapo chikopa, ndi kumangapo timawaya. Anapanganso babatoni, choimbira chachikulu cha chingwe chimodzi cholira ndi mawu onenepa, ndiponso ng'oma zoponda ndi phazi. Tisaiwale kuti pa nthawiyo banjo inali mlendo. Malo ake anali pamowa ndi pa masewera a anyamata, ndipo bwalo la gule wamakolo linali la ng'oma. Komabe akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Posakhalitsa anyamata aja anasamutsira kagundidwe ka ng'oma pa zingwe za banjo, ndipo mlendo uja anasanduka mwana wa pakhomo.

M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 magulu otere anachuluka m'chigawo cha kummwera. Ankadzitcha magulu a jazi, ndipo ambiri ankatenga dzina la phiri kapena mtsinje wa kwawo. Ku Thyolo gulu lotchuka koposa linali Chimvu River Jazz Band, lotsogoleredwa ndi Allan Namoko, katswiri wa banjo amene anali wosaona. Namoko ankaimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe, ndipo ichi chinali chinthu chachikulu kwa anthu a kwawo, chifukwa kuyambira mu 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, ziyankhulo zina zinachepa mphamvu pa wailesi ndi m'sukulu. Nyimbo zake monga Lameki, Achilekwa ndi Ana Osiidwa zinkakamba za umasiye, umphawi ndi mavuto a m'banja. Wailesi ya MBC, yomwe inayamba mu 1964 ndipo inali yokhayo m'dziko muno kwa zaka zambiri, inafalitsa mawu ake kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Wothyola tiyi wobwera kuntchito msana uli wolema ndi dengu ankamva munthu wonga iye yemwe akulankhula m'wailesi.

Pa nthawi yomweyo m'matauni munali kumveka kulira kwina. Magulu oimba m'mahotela ndi m'malo omwera mowa anali ndi magitala a magetsi ndi zokuzira mawu. Ku Chileka Robert Fumulani ndi Likhubula River Dance Band anasakaniza maimbidwe a kumudzi ndi zoimbira zamakono. Ku Balaka gulu la Alleluya, limene linayamba mu 1978 motsogoleredwa ndi Paul Banda, linafalitsa maimbidwe otsamira pa rege. Dziko litalowa mu ulamuliro wa zipani zambiri mu 1994, malo ojambulira nyimbo anachuluka, makaseti anadzaza m'misika, ndipo kiyibodi imodzi inayamba kugwira ntchito ya anthu anayi kapena asanu. Magulu a banjo anaima pa mphambano. Kukakamira banjo kunali kudzitsekera msika, pamene kuisiya kunali kukhumudwitsa anthu amene anawakweza. Achinyamata ambiri amene anaphunzira kuimba pa banjo ya chitini anasankha magetsi.

Okonda nyimbo anagawikana pawiri, ndipo mbali zonse zinali ndi mfundo zomveka. Odandaula ankaona kuti chawo chalandidwa. Banjo inali choimbira cha mmphawi, chifukwa aliyense waluso ankatha kuipanga ndi kuiimba pakhonde popanda magetsi, pamene zoimbira zatsopano zinkafuna ndalama ndiponso holo yolipira pakhomo. Woimba amene kale ankasangalatsa anthu pa tsiku la malipiro kukomboni tsopano ankamveka pa kaseti yokha. Chinanso, pofuna kugulitsa nyimbo dziko lonse, oimba ankasiya Chilomwe ndi mayendedwe a magule a kwawo, ndipo nyimbo za magulu osiyana zinayamba kufanana ngati ana a mimba imodzi. Kwa munthu wachikulire, kusintha kwa gulu lomwe ankalikonda kunali ngati kupeza mudzi wa makolo utasamuka.

Ovomereza kusintha nawo ankati tsobola wakale sawawa. Iwo ankafunsa kuti woimba adya chiyani ngati nyimbo zake sizigulidwa. Funso limeneli silinali lachibwana, pakuti Namoko yemwe, amene sanasiye maimbidwe ake, anamwalira mu 1995 alibe chuma cholingana ndi kutchuka kwake, ngakhale kuti chimbale chake cha Ana Osiidwa chinali chitatulutsidwa kunja mu 1992 ndi kampani ya Pamtondo ya Dr John Lwanda. Kuuza woimba kuti asasinthe nkosavuta kwa womvera, koma wogona ndi njala ndi woimbayo. Komanso achinyamata anali ndi ufulu wofuna nyimbo za m'badwo wawo, monga momwe atate awo anakondera banjo pamene agogo awo ankadziwa ng'oma yokha.

Zimene zinachitika pambuyo pake zikutithandiza kuweruza mkanganowu. M'chaka cha 2014 bungwe la UNESCO linalemba tchopa m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse, kusonyeza kuti banjo sinaphe ng'oma. Mu 2020 Patience Namadingo anaimba pamodzi ndi Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, boma loyandikana ndi Thyolo, amene anabadwa mu 1930 ndipo ndi wa m'badwo wa banjo ndi gitala wosalumikiza ku magetsi. Nyimbo zakale za gogoyu anaziveka rege, ndipo ya Linny Hoo inafalikira m'maiko ambiri kudzera pa TikTok. Zoimbira zinali zatsopano, koma mawu ndi nthano zinali za Chalamanda yemwe uja, ndipo achikulire ndi achinyamata anavinira limodzi.

Tingathe kunena tsono kuti chimene womvera amalirira kwenikweni ndicho kudzimva yekha m'nyimbo. Gulu likasintha zoimbira koma nkumakambabe za moyo wa anthu ake m'chiyankhulo chimene amachimva, omvera amang'ung'udza kanthawi kenaka nkulitsata. Likataya zonse pofuna kufanana ndi alendo, limataya ndi anthu omwe. Udindo wa omvera nawo ndi woonekeratu, pakuti amene afuna kuti banjo isafe ayenera kugula nyimbo zake ndi kulipira oimba ake akadali moyo. Ophunzira a lero angathandizeponso pofunsa agogo awo za magulu amene ankaimba m'makomboni ndi kulemba zimene amva, chifukwa magulu ambiri otere sanajambulidwe, ndipo mbiri yawo ili m'mitu ya okalamba okha.