Za Dzina la Shakespeare

Pakati pa Angelezi dzina la banja limatsata bambo, ndipo ambiri mwa maina otere anakhazikika pakati pa zaka za 1100 ndi 1400. Limodzi losapezeka kawirikawiri ndilo Shakespeare, ndiko kunena "wogwedeza mkondo". Mmodzi mwa oyamba kulembedwa ndi dzinali anali munthu wa ku Gloucestershire, amene anamnyonga m'chaka cha 1248 chifukwa cha umbala. Pambuyo pake linafala ku Warwickshire, kwao kwa mlembi womveka uja William Shakespeare.

Koma kumveka kwa munthu sikumsungira mbumba. Mwana wake wamwamuna mmodzi yekhayo, Hamnet, anamwalira mu 1596 ali ndi zaka 11, ndipo mdzukulu wake wotsiriza, Elizabeth, anatsikira kumanda mu 1670 osasiya mwana. Tsono onse otchedwa Shakespeare lero lino, kaya ku Birmingham kumene alipo ambiri ndithu, kaya ku Jamaica, sali zidzukulu zake iai.

Izi tazidziwa chifukwa alembi a makhoti ndi a mipingo anasunga mabuku ao. Inunso aphunzitsi a mawa, lembani dzina la mwana aliyense m'kaundula mosamala, pakuti bukulo lidzachitira umboni inu mutapita.